Walanti yowonjezera pa galimoto yatsopano ku Joni: kugula lero, kudikira, kapena kusunga ndalama panokha?

Munthu akagula galimoto yatsopano kwa dila ku Johannesburg, nkhani sithera kwa wogulitsa. Mukamvana mtengo, amakulowetsani m'kaofesi ka munthu woona za ngongole ndi inshuwalansi, amene kuno amangomutchula kuti wa F&I. Pa tebulo limenelo ndi pomwe pamatulukira pepala la zowonjezera: inshuwalansi ya matayala ndi marimu, ya zokandika pa bodi, tracker, komanso walanti yowonjezera. Chilichonse amachitchula ndi mtengo wa pamwezi kuti chimveke chopepuka: "Ndi R300 yokha pamwezi, bwana."

Maganizo athu tiwanene poyamba. Pa tsiku losainira ngongole, anthu ambiri safunika kugula walanti yowonjezera. Galimoto yatsopano imabwera ndi walanti ya kampani yoipanga, ndipo yowonjezerayo siikuthandizani kanthu mpaka yoyambayo itatha. Chofunika kudziwa ndi tsiku lomwe yoyambayo idzathe kwa inuyo malinga ndi kayendedwe kanu, komanso ngati pa tsikulo galimotoyo idzakhale ikadali m'manja mwanu. Alipo ndithu amene walanti yowonjezera imawapulumutsa, koma ngakhale iwowo amapindula akagula yoyenera pa nthawi yoyenera.

Zomwe muli nazo kale

Walanti ya fakitale ndi lonjezo la wopanga galimoto loti chipangizo chikafa chifukwa chidalakwika popanga, adzakonza kapena kusintha inu osalipira. Ili ndi malire awiri, zaka ndi makilomita, ndipo imatha pa malire amene afike msanga. Makampani amasiyana kwambiri muno mu South Africa. Toyota imapereka zaka 3 kapena makilomita 100,000 pa magalimoto ake ambiri. Volkswagen pa Polo ndi Polo Vivo imapereka zaka 3 kapena 120,000, Ford zaka 4 kapena 120,000, Renault zaka 5 kapena 150,000, Nissan zaka 6 kapena 150,000. Hyundai imapereka zaka 5 kapena 150,000 pa galimoto yonse, koma pa injini ndi giyabokosi imafika zaka 7 kapena 200,000. Suzuki pa timagalimoto take tambiri imapereka zaka 5 kapena 200,000. Chery idatchuka ndi walanti ya injini ya zaka 10 kapena makilomita 1 miliyoni, koma imeneyo kwenikweni ndi ya mwini woyamba. Makampani amasintha manambalawa nthawi ndi nthawi, choncho limene limagwira ntchito ndi lolembedwa m'kabuku ka galimoto yanuyo.

Walantiyi imawerengedwa kuyambira pomwe galimoto idalembetsedwa koyamba. Ngati mwagula ya demo, yomwe dila adailembetsa miyezi isanu ndi itatu yapitayo, miyezi imeneyo yapita kale. Funsani tsikulo ndipo alilembe pa pepala.

Palinso lamulo la Consumer Protection Act la 2008. Gawo 56 limati katundu akapezeka ndi vuto m'miyezi 6 yoyamba, wogula ali ndi ufulu woti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Gawo 57 limapereka miyezi 3 pa chipangizo chilichonse chomwe galaja yaika pokonza, pamodzi ndi ntchito yoikirayo. Zimenezi simugula, ndi zanu kale.

Anthu ambiri amasokoneza zinthu zitatu, ndipo chisokonezocho ndi chomwe chimawakhumudwitsa pambuyo pake. Service plan imalipira sevisi za pa ndondomeko basi: oyilo, mafyuluta, mapulagi ndi ntchito ya makaniko. Maintenance plan imawonjezera zinthu zotha ndi kuyenda, monga mapadi a mabuleki, kilatchi, mashokapu ndi mawaipa. Motorplan ya BMW ndi ya mtundu umenewu. Walanti, kaya ya fakitale kaya yowonjezera, imalipira chipangizo chomwe chafa mosayembekezereka. Siilipira sevisi, siilipira mabuleki otha, siilipira ngozi. Matalala a m'chilimwe akaphwanya galasi, kapena dzenje la mumsewu likapinda rimu ndi kuthyola shokapu, imeneyo ndi nkhani ya inshuwalansi ya galimoto.

Werengani makilomita anu kaye

Tengani galimoto ya zaka 3 kapena makilomita 100,000. Munthu wokhala ku Cosmo City wogwira ntchito ku Randburg, amene Lamlungu amapita kutchalitchi ndi kukaona abale ku Tembisa, mwina amayenda makilomita 15,000 pachaka. Zaka zitatu zikamatha, mita ikuonetsa 45,000. Kwa iyeyu walanti yatha ndi zaka, galimoto ikadali yanthete. Wina woyenda tsiku ndi tsiku pa N1 kuchokera ku Soweto kupita ku Centurion akhoza kudutsa makilomita 30,000 pachaka, ndipo malire awiri aja amamufikira pafupifupi nthawi imodzi. Woyendetsa Uber kapena Bolt wopanga makilomita 5,000 pamwezi amamaliza 100,000 m'miyezi 20 yokha, zaka ziwiri zisanakwane.

Tsopano ikani nambala imeneyo pambali pa kutalika kwa ngongole yanu. Ngongole zambiri za magalimoto kuno ndi za miyezi 72, zina zili ndi balloon, ndalama yaikulu yotsala yolipira kamodzi kumapeto. Ngati walanti itha pa mwezi wa 36, kwatsala miyezi inanso 36 yomwe mukulipira banki koma galimoto ilibe chitetezo chilichonse. Mpata umenewu ndiwo woopsa. Giyabokosi ikafa pa mwezi wa 50, banki siimitsa debit order chifukwa galimoto ili pa majeke. Amene ali ndi walanti ya zaka 5 kapena 6 mpata wake ndi waung'ono, ndipo amene amasinthitsa galimoto pakatha zaka zitatu kapena zinayi alibe mpata konse. Ameneyu akagula walanti yowonjezera wagulira mwini wotsatira.

Mtundu wa galimoto nawonso ulowe m'masamu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja. Mpweya kuno ndi wopepuka ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu ndithu, n'chifukwa chake ambiri amakonda tiinjini ta turbo. Timakoka bwino, koma tili ndi zambiri zoti zife: turbo yeniyeniyo, pampu ya mafuta yothamanga kwambiri, mainjekita, masensa. Giyabokosi ya otomatiki ya makilatchi awiri, monga DSG, imavutika ndi mzere wa m'mawa pa M1 kapena pa Gillooly's, pomwe galimoto imangoti sendesende, kilatchi n'kumatentha. Dizilo yamakono yoyenda timaulendo tatifupi imatsekeka DPF, fyuluta yogwira mwaye wa mu ekizozi, chifukwa siitentha mokwanira kuti iotche mwaye. Kukonza zinthu ngati zimenezi kwa dila kumadya marandi zikwi makumi angapo. Kagalimoto ka petulo kopanda turbo, ka magiya a pamanja, kali ndi zochepa zodula zoti zife, ndipo makaniko aliyense wodziwa ntchito amakakonza.

Njira yoyamba: yowonjezera ya kampani yopanga galimoto

Iyi imagulitsidwa m'dzina la kampani ya galimotoyo, kudzera kwa madila ake. Ikakhala yabwino imangopitiriza pomwe ya fakitale yalekezera: mumapita kwa dila, amaika zipangizo zenizeni, ndipo ndalama amakambirana okhaokha. Pa galimoto ya turbo ndi otomatiki yomwe mukufuna kukhala nayo mpaka ngongole ithe, iyi ndi imene timaiika patsogolo.

Ubwino wake waukulu ndi woti kawirikawiri simukakamizidwa kuigula pa tsiku loyamba. Makampani ambiri amalola kuigula nthawi ina iliyonse walanti ya fakitale isanathe, bola buku la sevisi likhale lodzaza bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pakatha zaka ziwiri ndi theka mumakhala mwaidziwa galimoto yanu, mwaona ngati imadwaladwala, mwadziwa makilomita anu enieni, ndipo mwadziwa ngati mukukhalabe ku Joni kapena mukubwerera kumudzi. Mtengo ukhoza kukwerako pang'ono pofika nthawiyo, koma simunalipire chiwongoladzanja cha zaka zitatu pa chinthu chomwe chidali chigonere. Chenjezo ndi limodzi: musaphonye tsiku. Funsani lero kuti malire ogulira ndi ati, pa zaka ndi pa makilomita, ndipo ikani chikumbutso mufoni miyezi itatu tsikulo lisanafike. Mukadutsa ngakhale ndi sabata imodzi, khomo limatsekeka kapena amakupatsani ya mtundu wotsika.

Komabe dzina la kampani pa chikuto silitanthauza kuti zonse n'zofanana ndi walanti ya fakitale. Zina mwa izi zimayendetsedwa ndi kampani ya inshuwalansi kumbuyo, ndipo zili ndi malire a ndalama pa chipangizo chilichonse. Funsani funso ili mwachindunji: "Kodi ikulipira zonse zomwe ya fakitale imalipira, kapena ili ndi mndandanda wake?"

Njira yachiwiri: ya kampani ina, yolipiriratu pa tebulo la F&I

Iyi ndi imene imavuta kwambiri kuimvetsa, ndiye tiimepo nthawi. Ngakhale amaitcha walanti, kwenikweni ndi inshuwalansi ya kufa kwa zipangizo. Payenera kukhala kampani ya inshuwalansi yomwe yalonjeza kulipira, ndipo wokugulitsani akhale ndi nambala ya FSP, ya chilolezo chogulitsira inshuwalansi, yovomerezedwa ndi FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma. Mayina onsewo aoneke pa chikalata. Ngati palibe, musasaine.

Mtima wa chikalatacho ndi tsamba la mndandanda wa zipangizo. Pamalembedwa injini, giyabokosi, difu, turbo, makina oziziritsa injini, kompresa ya aircon, kompyuta ya injini, stata, alternator, ndipo pambali pa chilichonse pali ndalama yomwe sangapyole. Chomwe sichili pa mndandanda sichilipidwa. Tiyerekeze kuti giyabokosi yafa, galaja yati R45,000, koma malire a giyabokosi pa chikalata chanu ndi R20,000. Inu mupeze R25,000, mwinanso ndi excess pamwamba, gawo lomwe mumalipira nokha pa claim iliyonse. Njira yoyesera ndi yosavuta: musanagule, imbani ku dipatimenti ya zipangizo kwa dila, mufunse mtengo wa turbo, wa giyabokosi ndi wa kompyuta ya injini ya galimoto yanuyo, kenako muyerekeze ndi malire a pa tsambalo. Mphindi khumi pafoni zimakuuzani ngati pepalalo lili ndi phindu.

Pali mawu ena angapo oti muwasake m'chikalatamo. Oyamba ndi onena za kutha ndi kuyenda: kampani ikhoza kunena kuti chipangizocho sichidafe mwadzidzidzi koma chidangotha, ndiye amakana kapena amadula gawo la ndalama malinga ndi makilomita. Pa giyabokosi ya makilatchi awiri funsani padera, chifukwa makilatchiwo ambiri amawawerengera m'gulu la zotha, pomwe kabokosi kowalamulira, mechatronic, kamalowa pa walanti. Achiwiri ndi onena za chipangizo chopha chinzake. Paipi ya madzi ya labala, yomwe siili pa mndandanda, ikaphulika, injini n'kutentha, hedi n'kupindika, kampani ikhoza kukana hedi ndi injini yomwe ponena kuti gwero lake ndi chinthu chosatetezedwa. N'chimodzimodzi ndi lamba wa timing akaduka atapyola nthawi yake yosinthira. Ambiri amaikanso malire otsika kwambiri pa vuto lililonse lobwera ndi kutentha kwa injini. Achitatu ndi nthawi yodikira: m'masiku oyamba pangano litayamba, salipira kapena amalipira zochepa.

Ndipo pali funso lomwe ambiri safunsa: zaka za walantiyi zikuyamba liti? Ngati "zaka ziwiri" zikuwerengedwa kuyambira tsiku lomwe ya fakitale yatha, zili bwino. Ngati zikuyamba pa tsiku logula galimoto, mwalipira chitetezo chomwe muli nacho kale. Tsiku loyambira ndi tsiku lothera zilembedwe m'manambala.

Tibwerere ku R300 ija. Lamulo la National Credit Act la 2005 limalola kuti mtengo wa walanti yowonjezera ulowe mu ngongole ya galimoto, ndipo ndi mmene ambiri amaigulira. Tiyerekeze kuti mtengo wake ndi R15,000, chiwongoladzanja ndi 13 peresenti, ngongole ndi ya miyezi 72. Pamwezi zikukwana R301, ndipo pomaliza mudzakhala mutalipira pafupifupi R21,680. Ndiye kuti R6,680 yapita ku chiwongoladzanja chokha, ndipo ngati ya fakitale ndi ya zaka 3, theka la miyezi imeneyo walanti yowonjezerayo idali isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Chomwe banki imafuna pa galimoto ya ngongole ndi inshuwalansi ya comprehensive, yolipira ngozi ndi kubedwa kwa galimoto. Wina akakuuzani kuti ngongole siivomerezedwa popanda walanti yowonjezera, muuzeni alembe zimenezo pa pepala, kapena imbirani banki nokha. Pa kotesheni ya ngongole chowonjezera chilichonse chioneke pa mzere wakewake ndi mtengo wake wonse, osati wa pamwezi wokha.

Njira yachitatu: yolipira mwezi ndi mwezi

Makampani a inshuwalansi amagulitsanso chitetezo chofananacho pa debit order ya pamwezi, popanda kudzera kwa dila. Malamulo a mndandanda, malire ndi nthawi yodikira ndi omwewo, choncho zonse tanena pamwambapa zikugwira ntchito. Kusiyana kwake n'koti palibe chiwongoladzanja, mukhoza kuyamba pomwe ya fakitale ikutha, ndipo mukagulitsa galimoto mumangosiya. Vuto lake ndi debit order yobwerera. Amene malipiro awo sabwera pa tsiku lokhazikika, monga ogwira maganyu a zomangamanga kapena oyendetsa bizinesi yaing'ono, asamale: mwezi wosalipidwa ukhoza kukhala mwezi wopanda chitetezo, ndipo zikachitika kangapo pangano limathetsedwa. Mtengo wa pamwezi nawonso umakwera chaka ndi chaka galimoto ikamakalamba.

Njira yachinayi: kusunga ndalamayo nokha

R300 pamwezi yoikidwa mu akaunti yapadera kuyambira tsiku logula galimoto imakwana R10,800 pomwe walanti ya zaka 3 ikutha, ndi R18,000 pakatha zaka 5, osawerengera chiwongoladzanja chomwe banki ikupatseni. Ndalama imeneyi ilibe mndandanda. Imagula kilatchi, batire, matayala, mabuleki, zonse zomwe walanti imakana, ndipo galimoto ikapanda kuvuta ndi yanu. Pa kagalimoto kosavuta kaja, koyenda makilomita 15,000 pachaka, njira iyi imaposa zina zonse.

Koma tinene zoona za moyo wathu kuno. Ndalama yooneka mu akaunti siikhalitsa. Kumudzi kugwa maliro, fizi ya mwana wa achimwene, feteleza wa mayi mu Novembala, ndipo palibe amene angakane kutumiza ponena kuti akusungira giyabokosi. Ngati mukudziwa kuti ndi mmene zimakhalira kwanu, ikani ndalamayo mu akaunti yofuna kupereka notisi ya masiku 32 musanatape, kapena vomerezani kuti walanti, ngakhale ndi yodulirapo, ndi ndalama yomwe palibe angaipemphe. Komanso R10,800 siifika patali pa giyabokosi ya otomatiki kapena injini ya dizilo ya bakkie. Pa magalimoto amenewo kusunga nokha kumafuna ndalama yokulirapo kwambiri pamwezi.

Ngati simunasainebe, palinso njira ina yosafuna kulipira kanthu: yerekezani walanti posankha galimoto. Magalimoto awiri a mtengo wofanana, ina ya zaka 3 ina ya zaka 5 kapena 6, sali ofanana mtengo kwenikweni. Ingoonetsetsani kuti dila wa mtunduwo ali pafupi ndipo zipangizo zake sizichedwa miyezi kufika, chifukwa walanti yaitali siikuthandizani kupita kuntchito galimoto ikugona ku workshop kudikira chipangizo.

Uber, Bolt ndi galimoto ya m'dzina la wina

Amalawi ambiri kuno amagula galimoto kuti igwire ntchito, ndipo apa ndi pomwe claim zambiri zimakanidwa. Mapangano ambiri a walanti yowonjezera salipira galimoto yonyamula anthu kapena katundu pofuna ndalama, pokhapokha mutagula ya mtundu wa bizinesi. Ngakhale walanti ya fakitale ina imafupikitsidwa pa galimoto yotere. Kubisa sikuthandiza. Woyendera claim amaona mita, amaona kuti galimoto ili ndi operating licence, ndipo makilomita 60,000 pachaka amadzinenera okha. Nenani zoona pogula, ndipo yankho loti e-hailing, ntchito ya Uber kapena Bolt, ndi yololedwa likhale lolembedwa m'chikalata, osati la pakamwa. Onaninso malire a makilomita a yowonjezerayo: ngati imathera pa 200,000, woyenda 5,000 pamwezi amafikapo pa mwezi wa 40.

Ena amagula galimoto m'dzina la mnzawo kapena la abwana chifukwa banki siinawavomereze pa pasipoti ndi traffic register number, nambala yomwe mlendo amalembetsera galimoto. Pamenepo mwini pangano ndi amene dzina lake lili pa chikalata. Iye ndiye woimba foni, wosaina ndi wodandaula. Mukadzasintha dzina la galimoto, funsani ngati walantiyo imasamutsidwa, m'masiku angati, ndiponso pa mtengo wanji.

Ulendo wa Disembala

Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Blantyre kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza ndi makilomita opitirira 1,600, ndipo kupita ndi kubwera, kuphatikiza kuzungulira kwa abale, kumadutsa 3,500 mosavuta. Ulendo umenewu umakhudza walanti m'njira zitatu.

Choyamba ndi malire a mayiko. Mapangano ena amagwira ntchito mu South Africa mokha, ena amatchula mayiko oyandikana nawo. Malawi sachita malire ndi South Africa, choncho mawu oti "mayiko oyandikana" mwina sakuphatikiza kwathu. Fufuzani dzina loti Malawi m'chikalatamo. Ngakhale litalembedwa, ena amafuna kuti mubweretse galimoto ku South Africa ndi ndalama zanu asanaione, ndipo kukoka galimoto kuchokera ku Tete si nkhani yamasewera. Toyota ndi mitundu ina ikuluikulu ili ndi madila ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma funsani musananyamuke ngati walanti ya kuno imalemekezedwa kumeneko.

Chachiwiri ndi sevisi. Magalimoto ambiri amafuna sevisi pa makilomita 15,000 kapena pa chaka, Hilux ya dizilo pa 10,000. Ngati kwatsala makilomita 2,000 kuti sevisi ikwane, chitani musanapite. Mpata wochedwera womwe amalola ndi wochepa, nthawi zambiri makilomita pafupifupi 1,500 kapena mwezi umodzi, ndipo kuupyola ndi chifukwa chokwanira chokanira claim ya injini ngakhale patapita chaka.

Chachitatu ndi mafuta ndi katundu. Mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu akakhala ndi madzi kapena parafini amapha mainjekita ndi pampu, ndipo palibe walanti yolipira zimenezo. Ngolo yodzaza mafiriji, mabedi ndi matumba kupyola kulemera kololedwa imapsereza kilatchi ndi kutenthetsa giyabokosi, ndipo amazitcha kugwiritsa ntchito molakwika. Towbar iikidwe ndi ovomerezeka, makamaka mawaya ake. Kumbukiraninso kuti galimoto ya ngongole siidutsa pa Beitbridge popanda kalata ya banki.

Sevisi kwa makaniko wanu

Kuyambira pa 1 Julaye 2021, malangizo a Competition Commission amalola mwini galimoto kuchititsa sevisi ku galaja yoima payokha galimoto ikadali pa walanti, ndipo dila ayenera kuonetsa mtengo wa service plan padera ndi mtengo wa galimoto kuti musankhe nokha. Walanti siifa chifukwa choti simunapite kwa dila. Koma chipangizo kapena ntchito ya galaja imeneyo ikawononga china, wopanga galimoto akhoza kukana gawo limenelo.

Apa m'pofunika kusamala. Tonse tili ndi m'bale waluso wokonzera magalimoto pabwalo ku Rosettenville kapena ku Turffontein, ndipo ntchito yake ikhoza kukhala yabwino kuposa ya dila. Koma kampani ya walanti siiona luso, imaona pepala. Mapangano ambiri a walanti yowonjezera amafuna galaja yolembetsedwa ku RMI, bungwe la magalaja ndi mabizinesi a zamagalimoto, kapena dila weniweni. Invoice ikhale ndi dzina la galaja, tsiku, nambala ya galimoto, makilomita, mtundu wa oyilo ndi zipangizo zomwe zaikidwa, ndipo buku lidindidwe. Jambulani invoice iliyonse ndi foni tsiku lomwelo, chifukwa za pa kapepala ka pa makina zimafufutika ndi kutentha kwa mu cubbyhole. Kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti ikoke kwambiri, kapena kuchotsa DPF, kumathetsa walanti ya injini pafupifupi kulikonse.

Galimoto ikafa

Nyali yofiira ya oyilo kapena ya kutentha ikayaka, imani pamalo otetezeka n'kuzimitsa injini. Kukakamira makilomita asanu kuti mukafike kunyumba kumasandutsa vuto la pampu ya madzi kukhala vuto la injini yonse, ndipo kompyuta ya galimoto imasunga umboni woti munapitiriza kuyenda. Imbirani kampani ya walanti galimoto isanakhudzidwe ndi sipanala, mulandire nambala ya claim, ndipo ikokedwe kupita ku galaja yomwe avomereza. Ntchito yoyambika popanda chilolezo chawo salipira. Galaja ikafuna kumasula injini kapena giyabokosi kuti ione vuto, funsani kaye mtengo wa kumasulako, chifukwa claim ikakanidwa umagwera inu. Uzani galaja isataye zipangizo zakufazo.

Akakana, pemphani kalata yofotokoza chifukwa ndi ndime ya pangano yomwe aimirapo, kenako dandaulani kaye ku kampani komweko polemba. Zikakanika, pali maofesi othandiza kwaulere. Nkhani ya walanti ya fakitale, ya dila kapena ya galaja imapita ku Motor Industry Ombudsman of South Africa. Nkhani ya claim yokanidwa ndi kampani ya inshuwalansi imapita ku National Financial Ombud Scheme, yomwe idayamba ntchito mu Malichi 2024 italowa m'malo mwa maofesi akale a inshuwalansi, mabanki ndi ngongole. Ngati vuto ndi loti wokugulitsani adakuuzani zosiyana ndi zolembedwa, dandaulo limapita ku FAIS Ombud.

Amene mwasaina kale sabata ino ndipo tsopano mukukayika, tulutsani chikalatacho lero. Pangano la inshuwalansi lotere lili ndi masiku 14 oti mukhoza kulithetsa, kuwerengera pomwe munalandira zikalata, bola musanapange claim iliyonse. Lembani imelo, sungani yankho, ndipo ngati mtengo wake udalowa mu ngongole, yang'anani pa sitetimenti ya banki ya mwezi wotsatira kuti ndalamayo yabwezedwadi ku akaunti ya ngongoleyo.